Tifunseni: Mtima ukakana kukhazikika kuno ku Joni

Makalata asanu a mwezi uno achokera mbali zosiyanasiyana za Johannesburg. Eni ake sadziwana, koma dandaulo lawo likufanana: manja ali pantchito, mtima sukupuma. Mayina tawabisa monga mwa masiku onse, ndipo oyankha ndi alangizi ndi anamwino amene amathandiza tsamba lino.

Zonse ndinazipeza, nanga chimwemwe chili kuti?

*Ndine bambo wa zaka 38, kwathu ndi ku Machinga, ndimasoka zovala ku Mayfair. Kuno ndakhalako zaka 7. Nyumba ya malata ndinamanga, njinga yamoto ya kabaza ndinagula, ana ali pasukulu. Chilichonse ndikachipeza ndimasangalala sabata imodzi kapena ziwiri, kenako mtima umabwerera pomwe unali. Ndikaona anzanga pa Facebook atatsamira galimoto, ndimaona ngati ndangotaya zaka. Kodi ndine wosayamika?*

Bambo, munthu wosayamika sakhala pansi n'kulemba kalata yodzifunsa chonchi. Chimene chikukuchitikirani n'chakuti mtima umazolowera, ndipo umazolowera msanga kuposa mmene timaganizira. Usiku woyamba m'nyumba ya malata, mvula ikamagwa padenga imamveka ngati ng'oma ya paukwati. Pofika dzinja lachiwiri langokhala denga basi, mwini wake wayamba kale kuganiza za siling'i.

Akatswiri anachiyesapo chimenechi. Mu 1978, Philip Brickman ndi anzake a ku America anafunsa anthu 22 amene anawina ndalama zankhaninkhani pa mpikisano wa mwayi wonga Lotto. Chimwemwe chawo sichinkasiyana kwenikweni ndi cha anthu a m'dera lawo lomwelo amene sanawine kanthu, ndipo tinthu ta tsiku ndi tsiku, monga kudya kadzutsa kapena kucheza ndi mnzawo, tinali titachepa kukoma kwa owinawo.

Musatimve molakwa. Ndalama ndi yofunika, ndipo wonena kuti umphawi uli m'mutu chabe sanagonepo ndi njala kapena kutsekeredwa chitseko ndi mwini nyumba. Ndalama imazula minga yeniyeni. Koma minga ija ikachoka, katundu wowonjezera amangobweretsa chisangalalo cha masiku owerengeka. Galimoto nayonso idzatha kukoma musanamalize n'komwe kuilipira.

Chimene mtima suzolowera ndi anthu. Ku yunivesite ya Harvard kuli kafukufuku amene anayamba mu 1938, wotsata moyo wa amuna 724 kuyambira ali anyamata mpaka kukalamba, kenako akazi awo ndi ana awo. Amene ankagwirizana bwino ndi mabanja awo ndi anzawo ali ndi zaka 50 ndi amene anapezeka athanzi komanso osangalala atafika zaka 80. Makolo ananena kale kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Apa ndi pomwe moyo wa ku Joni umatibera: munthu achoka pa makina, akwera masitepe, atseka loko ziwiri, adya yekha foni ili m'manja, mawa chimodzimodzi, zaka n'kumapita.

Sankhani anthu awiri kapena atatu amene mukasiyana nawo mumamva kupepukidwa, osati amene mumangokumana nawo pokongozana ndalama. Pangani nawo tsiku lokhazikika, kaya Lachisanu mukatuluka ku mzikiti, kaya Lamlungu masana: mphika umodzi wa nsima, usipa wobwera pa basi, bawo kapena mpira pa TV. Tikunenetsa za tsiku lokhazikika chifukwa mawu oti "tionana tikapeza mpata" kuno sakwaniritsidwa. Ana anunso muziwaimbira kamodzi pa sabata foni yosakhudza ndalama, mphindi 15 zokha, akuuzeni za aphunzitsi awo a masamu ndi za mbuzi imene yabereka.

China n'chaching'ono, koma katswiri wa za maganizo Martin Seligman ndi anzake anachiyesa mu 2005. Usiku uliwonse kwa sabata imodzi, lembani zinthu zitatu zimene zayenda bwino tsikulo ndi chifukwa chake. Amene anachita izi ankamvabe bwino patapita miyezi 6, makamaka amene anapitiriza mwa okha. Ambiri amalakwitsa polemba mawu omwewo usiku uliwonse, "moyo, thanzi, banja", mpaka kungokhala ngati kuloweza. Lembani chinthu chogwirika: "Mayi wa diresi la ukwati uja wabwera ndi mnzake, chifukwa ndinapasula msoko n'kusokanso mpaka unawongoka." Mbali ya chifukwayo ndi imene imagwira ntchito, pakuti imakuonetsani dzanja lanu, la mnzanu kapena la Mulungu m'zinthu zimene mukanangoti zangochitika.

Za pa Facebook, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Chithunzi sichinena mwini galimoto, sichinenanso ngongole imene yatsala. Onani anthu atatu kapena anayi amene zithunzi zawo zimakusiyani mtima ukuwawa, muwabise kwa mwezi umodzi, ndipo musatsegule tsambalo mukangodzuka kapena muli kale pabedi. Ngati mukufuna wodziyerekeza naye, ndi munthu uja anatsika basi ku Park Station zaka 7 zapitazo ndi chikwama chimodzi komanso nambala ya foni yolembedwa pa kapepala.

Foni ikalira mtima umagunda

*Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, ndimagona konko. Ana anga awiri ali ndi mayi anga ku Mulanje. Foni ya kumudzi ikalira ndimadziwiratu kuti ndi ndalama: feteleza, fizi, maliro, achimwene akufuna mpamba. Kukana sinditha, mpaka ndinakatenga kwa mashonisa, okongoza ndalama za katapila aja. Usiku ndimadzidzimuka cha m'ma 2 koloko n'kuyamba kuganiza mpaka kucha. Mutu umandiwawa tsiku lililonse ngakhale ndimwe mankhwala. Nditani?*

Mayi, mwasenza mitolo iwiri, wa ndalama ndi wa maganizo, ndipo wina ukulemeretsa unzake. Tiyambe ndi wa ndalama, chifukwa palibe uphungu umene ungakugonetseni tulo mashonisa akukudikirani pakutha pa mwezi.

Abale anu sakunama akamati zinthu zadula. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya feteleza, shuga ndi sopo inakwera motsatira. Kupempha kwawo n'koona. Koma malipiro anu sanakwere choncho, ndipo chitsime chotungidwa usana ndi usiku chimaphwa.

Mashonisa ndi katapila yemweyo wa kwathu. Tiyerekeze kuti munatenga R1,000 pa chiwongoladzanja cha theka mwezi uliwonse. Mukamangopereka R500 ya pamwambayo, pakatha miyezi 6 mwapereka R3,000, koma R1,000 ija ikadali pomwepo. N'chifukwa chake ngongole imeneyi iyenera kuthetsedwa patsogolo pa china chilichonse kupatula chakudya ndi sukulu ya ana, ngakhale achimwene atakhala miyezi iwiri osalandira kanthu. Dziwaninso kuti lamulo la ngongole la dziko lino sililola wokongoza kusunga khadi lanu la ku banki kapena chiphaso chanu ngati chikole.

Tsiku lolandira, musanatumize kalikonse, gawani ndalama papepala m'magawo anayi: zanu za kuno, za ana ndi agogo awo, za ngongole, ndi za mwadzidzidzi. Gawo lomalizali likhale R10 pa R100 iliyonse. Ngati sizikutheka, yambani ndi R200, koma isamakhale m'foni momwe chala chimafika mosavuta. Kenako unikani bwino zimene kumudzi zimatchedwa zadzidzidzi. Feteleza si wadzidzidzi, amafunika chaka chilichonse mvula isanagwe. Fizi si yadzidzidzi, imabwera katatu pa chaka. Werengani mtengo wa chaka chonse, mugawe ndi 12, muziika padera mwezi ndi mwezi. Kapena lowani chipereganyu ndi amayi anzanu odalirika, mupemphe kuti inu muzilandira mu Seputembala kapena Okutobala. Zadzidzidzi zenizeni ndi matenda ndi maliro.

Tumizani kamodzi pa mwezi, tsiku lodziwika, kwa munthu mmodzi, amene kwa inu ndi mayi anu. Kutumiza timatima kasanu pa mwezi kumakusokonezani chiwerengero, komanso kumaphunzitsa abale kuti foni iliyonse imabala ndalama. Fizi ilipireni mwachindunji kusukulu ngati njira ilipo, akutumizireni chithunzi cha lisiti.

Povuta ndi pakamwa. Musadikire kuti apemphe. Muwauze nokha zinthu zili bwinobwino: "Kuyambira mwezi uno ndizitumiza kwa amayi pa 1 paliponse, ndalama yakutiyakuti. Pakati pa mwezi ndilibe." Wina akaimba: "Ndamva vuto lanu achimwene, ndipo landikhudza. Mwezi uno ndatumiza kale. Zina ndilibe." Musachulutse zifukwa, pakuti chilichonse chimene mungapereke chimawapatsa pogwira. Ngati kwanu kuli amalume amene mawu awo amamveka, auzeni malipiro anu enieni ndi ngongole imene muli nayo kuti iwo akalankhule ndi mbumba. Miyezi iwiri yoyamba mudzamva kuti mwayamba kunyada, kuti mwatchona. Zimapweteka ndithu, koma zimazilala anthu akaona kuti ya pa 1 ija siphonya.

Tsopano za usiku. Ku Harare, dokotala wa za maganizo Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumathandiza anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira muyezo. Amakumana ndi munthu maulendo 6, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti othandizidwa mwa njira imeneyi ankapeza bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Mbali yaikulu ya njirayo mungathe kuichita ndi kope ndi cholembera.

Patulani mphindi 20 madzulo mukaweruka, mutakhala pampando, osati pabedi. Lembani zonse zimene zikukudyani mumtima. Dulani mzere pakati pa tsamba: mbali ino zimene dzanja lanu lingakhudze sabata ino, mbali inayo zimene simungazisinthe, monga mvula ya ku Mulanje kapena mtengo wa kwacha. Za mbali yachiwiriyi zitchuleni m'pemphero kapena kwa mnzanu, muzisiye pamenepo. Pa mbali yoyamba sankhani vuto limodzi lokha, osati lalikulu koposa, koma limene lingasunthe. Ambiri amagwa pomwepa, amalemba kuti "umphawi" kapena "tsogolo la ana", zinthu zopanda chogwirira. Lichepetseni mpaka likhale ngati ili: "Ndikufuna R600 ya mayeso a mwana pofika pa 15." Lembani njira zonse zimene zabwera m'mutu, ngakhale zooneka zopusa: kupempha adona akupatseniko ya patsogolo, kuchapa kwa oyandikana nawo Loweruka, kupempha sukulu kuti mulipire kawiri. Sankhani imodzi, mulembe tsiku, nthawi ndi mawu amene mukanene. Sabata ikatha onani ngati zatheka. Zikakanika, tengani njira yachiwiri pa mndandanda womwewo.

Ganizo likabwera 2 koloko usiku, liuzeni kuti lalembedwa kale ndipo nthawi yake ndi mawa madzulo. Masiku oyamba silimva, koma pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mutu umayamba kukhulupirira kuti nkhaniyo siiwalika. Mukaona kuti mwatha mphindi ngati 20 muli maso, dzukani, mukhale pampando nyale ili yochepa mphamvu, foni osaigwira, mubwerere pabedi tulo tikabwera. Kugubuduka pabedi mpaka kucha kumazoloweretsa thupi kuti bedi ndi malo oganizira. M'mawa dzukani nthawi yomweyo tsiku lililonse ngakhale mutagona mochepa. Tiyi wakuda, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zili ndi caffeine, ndipo theka lake limakhala likadali m'magazi pakatha maola ngati 5, ndiye ikadutsa 2 koloko masana imwani rooibos amene alibe. Foni izikhala chete kuyambira 9 koloko usiku, nambala ya mayi anu yokha ndi imene izilira.

Za mutu musazinyalanyaze. Mankhwala opha ululu akamamwedwa masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi, kapena masiku 10 ngati ali osakaniza ndi codeine kapena caffeine, amayamba okha kuyambitsa mutu. Pitani ku kiliniki akakuyezeni BP, ndipo mukawauze chilungamo kuchuluka kwa mapiritsi kapena timapaketi ta ufa timene mumamwa.

Ndimagwira masiku onse 7

*Ndine mnyamata wa zaka 24 wa ku Ntcheu. Ndimagwira ntchito m'sitolo ina m'tauni kuyambira 7 m'mawa mpaka 7 madzulo, Lolemba mpaka Lamlungu. Ndikapempha tsiku abwana amati kodi unabwera kudzapuma. Masiku ano sindichedwa kupsa mtima, ndayambana kale ndi amene ndimakhala nawo. Anzanga akuti ndingokhala ndi maganizo abwino. Kodi zimenezi zingandithandize kupirira?*

Achimwene, amenewo ndi maola 84 pa sabata. Palibe maganizo abwino amene angalowe m'malo mwa kupuma, ndipo tingakulakwireni titakuuzani kuti muzingomwetulira. Kupsa mtima kwanu si khalidwe loipa, ndi thupi limene likukana. Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 mpaka 9, ndipo akamatisowa sabata ndi sabata, choyamba kuthawa ndi kuleza mtima.

Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limati maola a masiku onse asapitirire 45 pa sabata. Owonjezera asapitirire 10 pa sabata, ndipo ola lililonse limalipidwa kamodzi ndi theka. Pakati pa kuweruka ndi kuyambanso pazidutsa maola 12, sabata iliyonse pazikhala maola 36 otsatizana opuma, mukagwira maola 5 muzipatsidwa nthawi yodya, ndipo pa chaka pali tchuthi cha masiku 21 otsatizana. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka kuyambira pa 1 Malichi 2025 anali R28.79 pa ola, omwe ndi pafupifupi R5,600 pa mwezi kwa wogwira maola 45. Mu 2008 khoti la za ntchito linagamula kuti ngakhale mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo ndipo angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya antchito ndi owalemba ntchito. Kumeneko salipiritsa, koma wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ayenera kukafika masiku 30 asanathe.

Tikudziwa kuti lamulo papepala ndi moyo wa m'sitolo n'zosiyana, ndipo wolankhula yekha amachotsedwa mawa lake. Choncho yambani mwakachetechete kulemba m'kope tsiku, nthawi yoyamba, nthawi yoweruka ndi ndalama imene mwalandira. Gwirizanani ndi anzanu a m'sitolomo, mupite limodzi ndi pempho lokonzeka kale: aliyense azipuma tsiku limodzi mosinthana, sitolo osatseka. Abwana amavomera msanga chinthu chimene sichiwatayitsa makasitomala. Akakanitsitsa, yambani kufunsira malo ena mukadali pantchito.

Tsikulo mukalipeza musaligone lonse, chifukwa usiku wake simudzagona ndipo mawa lake mudzadzuka wolemera. Gonani owonjezera ola limodzi kapena awiri, kenako tulukani padzuwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata zoyendetsa thupi, monga kuyenda ndawala theka la ola masiku 5. Ku mapaki a Zoo Lake ndi Emmarentia salipiritsa polowa. Pitani ndi mnzanu masana. Mu Juni ndi Julayi kuno kumada cha m'ma hafu pasiti 5 ndipo kuzizira kumatsekera anthu m'zipinda, ndiye nthawi yodya muziikhalira panja. Ndipo poti tatchula kuzizira: mbaula isagone m'chipinda chotseka, utsi wake wosaoneka umapha anthu ali m'tulo.

Chichitikireni mtima sunakhale pansi

*Masabata atatu apitawo anyamata anandiloza mpeni pafupi ndi renki ya takisi n'kundilanda foni. Sanandivulaze. Koma ndikangomva mapazi kumbuyo mtima umathamanga, manja amatuluka thukuta, usiku ndimalota zomwezo. Ndasiya kupita kutauni kokaoda katundu ndipo geni yanga ikugwa. Ndine mayi wa ku Rosettenville.*

Pepani mayi. Zimene mukumvazo zimachitikira anthu ambiri m'masabata oyamba, ndipo kwa ochuluka zimachepa zokha. Thupi linaphunzira tsiku limodzi kuti malo aja ndi oopsa, ndiye likuliza belu ngakhale pamene palibe mbala.

Beluyo amachepetsedwa ndi mpweya. Ikani dzanja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ikwere, osati mapewa. Tulutsani pang'onopang'ono ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6, ngati mukuuzira phala lotentha la mwana. Kutulutsa mpweya motalika ndi kumene kumachedwetsa mtima. Mukamakoka mwamphamvu komanso mofulumira mudzachita chizungulire ndi dzanzi m'zala, mantha n'kuwonjezeka. Yesererani mphindi 5 m'mawa ndi madzulo pamene mtima uli m'malo, kuti tsiku la mantha thupi lidzakhale litadziwa kale njira.

Kupewa tauni kumapepuza lero, koma kumakulitsa mantha a mawa, chifukwa thupi silipeza mpata wophunzira kuti nthawi zambiri munthu amapita n'kubwerako bwino. Bwererani pang'onopang'ono. Poyamba kwerani takisi ndi mnzanu masana, mutsike, muime mphindi 10, mubwerere. Bwerezani mpaka mantha atatsika ndi theka. Kenako kaodeni katundu muli awiri, kenako mnzanuyo akudikireni patali, pomaliza nokha. Musachoke pamalopo mantha ali pachimake pokhapokha pali choopsa chenicheni, apo ayi thupi lidzaphunzira kuti kuthawa ndi kumene kunakupulumutsani. Kusamala kwanzeru kukhalepo: kuyenda kukuwala, foni m'kati mwa zovala, ndalama m'malo awiri.

Mwezi ukatha maloto ndi mantha zisanachepe, kapena zikukulirakulira, pitani ku kiliniki mukapemphe kuonana ndi mlangizi. Bungwe la CSVR ku Braamfontein limathandizanso anthu amene anakumana ndi zachiwawa, kuphatikizapo obwera kuchokera kumayiko ena.

Amuna anga akuti bola kungofa

*Amuna anga ntchito ya m'munda inawathera miyezi inayi yapitayo. Anali munthu wanthabwala, koma pano amangogona, kudya sakudya, kutchalitchi anasiya. Akapeza ganyu ndalama imathera ku mowa ndi kandege ka pa foni. Ndikawafunsa amati mwamuna salira. Dzana ananena kuti bola kungofa, ana adzapeza bambo wina. Abusa akuti tilimbike kupemphera. Tili ku Diepsloot.*

Mayi, kalata yanu tinaiyankha payokha tsiku lomwe inafika, ndipo tikuibwereza pano chifukwa nyumba zambiri zili ndi bambo wotere. Apa sipofunika kudikira. Zimene mwafotokozazi, kukhala wokhumudwa kapena wosakondwa ndi chilichonse pafupifupi tsiku lonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, kusintha kwa tulo ndi kadyedwe, kudziona wopanda pake, ndi zizindikiro za matenda a kuvutika maganizo amene madokotala amati depression. Si ulesi, si kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo munthu satulukamo pouzidwa kuti limba mtima, monga momwe wodwala shuga sachira pouzidwa choncho.

Mawu oti bola kungofa musawatenge ngati a mowa. Pezani nthawi ali bwinobwino, ana palibe, mukhale pambali pawo osati moyang'anizana, pakuti abambo ambiri amamasuka maso akuyang'ana kwina. Afunseni mosazungulira: "Bambo a ana, dzana munanena zakufa. Kodi mukuganiza zodzipha? Mwaganizapo njira?" Ambiri amaopa kuti funsoli limaika ganizo m'mutu mwa munthu. Ofufuza anapeza kuti silitero, m'malo mwake limamupepuza kuti wina wamva. Akayamba kulankhula, musawadule ndi malemba kapena kuwakumbutsa za ana. Ingomvetserani.

Lero lomwe chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe ogulitsidwa m'misewu aja, mankhwala a mbewu, mapiritsi osungidwa ndi zingwe. Ganizo lodzipha limabwera mwamphamvu kwa kanthawi kenako limatsika, ndipo chida chikakhala patali nthawi imeneyo munthu amapulumuka. Akavomera kuti ali ndi njira kapena tsiku, musawasiye okha ngakhale pang'ono. Imbani 0800 567 567, nambala yaulere ya bungwe lothandiza ovutika maganizo la SADAG, yoyankhidwa usana ndi usiku, kapena 112 pa foni ya m'manja, kapena apititseni ku chipatala mbali ya odwala mwadzidzidzi. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi.

Ngakhale atakana kuti alibe ganizo lotero, ku kiliniki apite sabata ino, inu muwaperekeze. Ngati mawu oti maganizo akuwachititsa manyazi, yambani ndi tulo ndi kusadya, koma kwa namwino mukanene zonse, ndi mawu a dzana omwe. Akapatsidwa mankhwala, dziwani kuti sagwira tsiku lomwelo. Amatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina 6, ndipo masiku oyamba amatha kuchititsa nseru kapena mutu. Ambiri amasiya sabata yachiwiri akuti sakuthandiza, ena amasiya atangoyamba kupeza bwino, matenda n'kubwerera. Amayenera kumwedwa miyezi ina yosachepera 6 munthu atachira, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala. Pemphero lipitirire. Abusa muwapemphe kuti pa kupempherako awonjezere kubwera kunyumba ndi kuwalimbikitsa bambowo kupita kuchipatala.

Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku, ndipo m'mawa mtima umakhala pansi kuposa dzulo. Ngati amamwa kwambiri tsiku lililonse mpaka manja kunjenjemera m'mawa, asasiye mwadzidzidzi popanda achipatala, chifukwa angathe kukomoka ndi kugwedezeka thupi. Kandege ndi juga, ndipo juga iliyonse inakonzedwa kuti wosewera nthawi yaitali aziluza. Woluza amabwereranso kuti akabweze zake, dzenje n'kumakula. Ndalama ya renti ndi chakudya izikhala kwa inu, ndipo pa 0800 006 008 pali uphungu waulere wa ovutika ndi juga ndi mabanja awo.

Musadikire kuti mtima wawo ufune kaye ndiye ayambe kuchita zinthu. Pa matenda amenewa munthu amayamba kuchita, kufuna kumabwera pambuyo. Kanthu kamodzi patsiku n'kokwanira: kusamba ndi kuvala pofika 8 koloko, kuperekeza mwana kusukulu, kubzala mpiru kapena chigwada m'matayala akale kuseri kwa nyumba, poti manja awo amadziwa dothi. Inunso musasenze nokha. Uzani munthu mmodzi wamkulu amene bambowo amamulemekeza, kaya ndi nkhoswe kaya mkulu wa mpingo wochokera kwanu, kuti azibwera kawiri pa sabata. Nambala ya SADAG ija isungeni m'mafoni onse awiri, yanu ndi yawo.